Mbalame Zimene Ndinawerengera Yona

Bolton
21 Julaye 2024

Okondedwa mng'ono wanga amake Tiya,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli moyo, inu ndi ana ndi adzukulu. Ine kuno ndadzuka. Mankhwala ndikumwa, mapiritsi awiri m'mawa ndi limodzi madzulo, ndipo sindinaphonyepo tsiku. Ndayamba ndi zimenezi chifukwa ndamva kuti thanzi langa ndi limene linakusowetsani mtendere nonse kumeneko.

Mauthenga anu atatu a mawu aja ndinawamvera: woyamba wa mphindi zinayi, wachiwiri wa mphindi zisanu ndi ziwiri, wachitatu wongolira. M'menemo mwanena kuti "mundikhululukire, achemwali" kakhumi ndi kamodzi. Sindinayankhe pa foni chifukwa foniyo ndi imene munandinamizirapo. Ndasankha pepala, ndipo kalatayi ndipatsira mayi wina wa kutchalitchi kwathu amene akukwera ndege Lachitatu. Mukufuna kudziwa ngati ndakukhululukirani. Ndiyankha, Gertrude, koma muyambe mwamva kumene ine ndinali pamene inu munkaika mlongo wathu Yona m'manda osandiuza.

Ndinafika kuno pa 3 Malichi. Kuchokera tsiku limenelo kufikira pa 13 Juni, masiku 102, mwana wanga Shirley ndi amuna ake a Sydney ananditengera malo atatu okha: kutchalitchi, kusitolo, ndi kuchipatala mu Epulo muja nditagwa m'khitchini BP itakwera. Sindikuwadandaula. Shirley amaima maola khumi ndi awiri kuwodi, a Sydney amasamala nkhalamba za azungu, ndipo onse amafika pakhomo miyendo itatupa. Ntchito yanga inali yoperekeza mdzukulu wanga Alinafe kusukulu, mapazi 640 popita, ndi kukamutenga masana. Nyumba za mumsewu mwathu ndi 58, zonse zogundana, zonse za njerwa zofiira, ndipo zamoyo zimene ndinkaona zinali amphaka awiri ndi nkhunda.

Yona ankandiseka nazo zimenezi. Mukudziwa mmene analili. Zaka 31 akulondera nyama kunkhalango ya Kasungu zinamusiya ali munthu woti ukamuuza kuti unapita ku Lilongwe, iye ankafunsa mbalame zimene unaona m'njira. Pafupifupi tsiku lililonse ankanditumizira mawu: "Achemwali, munakwera ndege maola onse aja kukaona nkhunda? Nkhunda zilipo pano pa depoti. Tulukani mukandiwerengere zamoyo za dzikolo, si paja ndinu aphunzitsi a masamu inu?" Ndinagula kope, ndinalemba mizere inayi: tsiku, malo, dzina, chiwerengero. Kopelo linakhala lopanda kanthu miyezi itatu. Mawu ake omaliza anabwera Lamlungu pa 9 Juni. Ankatsokomola, nati ndi chimfine cha nyengo yozizira, ndisavutike.

Lachiwiri pa 11 Juni Shirley anaweruka nthawi isanakwane, maso ali psu. Anati ndi mungu wa maluwa, wakuno umavuta anthu ambiri nyengo ino. Anatenga foni yanga, akuti yadzaza, achotsemo mavidiyo, ndipo anakhala nayo mpaka Lachinayi m'mawa. Itabwerera m'manja mwanga, gulu lathu la banja lija, limene limalira kasanu pa ola, linali ndi mavesi okhaokha. Lero ndikudziwa kuti munatsegula gulu lina la anthu 31, ine ndekha ndili kunja.

Lachinayi limenelo, titangosiya Alinafe kusukulu, Shirley anati, "Mami, lero tikukuyendetsani. Valani nsapato zafulati ndi juzi."

"Lachinayi? Nanga ntchito?"

"Ndasinthana ndi mnzanga. Mwakhalitsa m'nyumba."

Ndinakondwa ngati mwana wa sitandade wanu, Gertrude. Ndinathamangira kuchipinda kukatenga kope lija ndi mapensulo awiri.

Malowo amawatcha Malham, ola limodzi ndi mphindi makumi awiri pa galimoto. Ukangotuluka m'tauni dziko limatseguka, lobiriwira ngati dambo la m'Januwale, koma lopanda chimanga ngakhale phesi limodzi. Malire a minda yawo ndi makoma a miyala yongosanja popanda simenti, oyenda mpaka pamwamba pa mapiri. Nkhosa ndinasiyira pa 214 chifukwa a Sydney ankathamangitsa galimoto. Titatsika tinayenda wapansi m'mbali mwa kamtsinje, ndipo mwadzidzidzi patsogolo pathu panaima thanthwe loyera, lopindika ngati lichero loimika, lalitali kuposa nyumba iliyonse imene ndinaonapo ku Blantyre. Kamtsinje kaja kamatulukira pansi pa thanthwelo. Ndinaviikamo dzanja, kuzizira kwake kunandifika m'mano. Mzungu wina wachikulire anali pamenepo ndi galasi loonera patali loimika pa miyendo itatu, ndipo anandionetsa akabawi awiri amene amaswera m'ming'alu ya thanthwelo. Ndinalemba: kabawi, awiri, msana wotuwa, pachifuwa mawangamawanga.

Kumanzere kwa thanthwelo kuli masitepe a miyala okwerera pamwamba. Shirley anati, "Mami, tingoonera pansi pompano. BP yanu."

Ine ndinati, "Nanga amalume ako akandifunsa za pamwamba, ndikawauza chiyani?"

Shirley anatembenukira kumbali. A Sydney anawerama n'kuyamba kumanga chingwe cha nsapato chimene chinali chomanga kale. Zonsezi ndinaziona, koma ndinaganiza kuti anayambana m'mawa.

Masitepe ndinawerenga 407. Ndinapuma kasanu ndi kamodzi. Ndili ndi zaka 72, ndipo ndinafika pamwamba ndi miyendo yanga, wopanda wondigwira. Muzilembe zimenezi penapake, inu amene munagamula kuti mtima wanga sungathe kunyamula uthenga wa maliro.

Pamwambapo pali miyala yafulati yong'ambikang'ambika ngati chidendene cha mlimi, ndipo m'ming'alumo mumamera timasamba tobisala ku mphepo. Chigwa chonse chimaoneka pansi pako, nkhosa zili ngati mpunga wotayika. Tinakhala pansi n'kutsegula buledi wa tchizi ndi tiyi wa m'fulasiki. Shirley sanadye. Anapita kuseri kwa mwala wina ndi foni yake, tizingwe tili m'makutu, akuti akumufuna kuntchito. Anakhalako mphindi makumi anayi. Wandiuza yekha sabata yatha kuti ankaonera maliro pa vidiyo, Tiya wanu ndiye ankajambula. Mwana wanga anaona bokosi la amalume ake likutsika, ali mapazi makumi awiri kuchokera pamene ine ndinakhala ndikutafuna buledi.

Mphepo inandivula duku, ndinaligwira m'malere, ndinaseka, ndipo a Sydney anandijambula ndikuseka choncho mano onse ali pamtunda. M'kope ndinalemba nthawi, 1:10 masana. Kwanuko inali 2:10. Chithunzicho ndinachitumiza ndekha kwa anthu awiri, kwa Yona ndi kwa mkazi wake, alamu athu amake Terence, ndi mawu akuti, "Onani, nkhalamba yanu yakwera phiri la azungu, nanga inu mwachita chiyani lero?" Timizere tiwiri tosonyeza kuti uthenga wawerengedwa tinasanduka tabuluu pa 2:25 nthawi yanu. Mayi amene anali atangoponya dothi pa bokosi la mwamuna wake anatsegula foni n'kuona mlamu wake akuseka. Sanayankhe, ndipo ine ndinawadandaula mumtima kuti amake Terence ayamba kunyada.

Koma foni ya Yona inayankha. Madzulo ake kunabwera mawu olemba: "Zabwino zedi achemwali. Pitirizani kusangalala. Pakhosi pakundivuta, ndizingolemba." Munalemba ndinu. Munakhala pa mphasa ya pamaliro, anthu asanabalalike, n'kutenga foni ya womwalira n'kundiuza kuti ndipitirize kusangalala. Mayankho otere ndawerenga asanu ndi anayi m'masiku makumi awiri ndi atatu otsatira. Kubisa ndikanakumvetsani. Koma inu munavala mawu a mlongo wanga.

Ulendo wachiwiri unali Loweruka pa 22 Juni, ku Formby, kufupi ndi Liverpool. Kumeneko kuli nkhalango ya paini yomera pamchenga, ndipo ukaidutsa umakwera milu ya mchenga yaitali ngati zulu zikuluzikulu, kenako nyanja yamchere, yotuwa, yothawira kutali kwambiri moti anthu oyenda m'mphepete mwake amaoneka ngati nyerere. Anthu amapitako kukaona agologolo ofiira, akuti atsala ochepa chifukwa otuwa ochokera kunja anawalanda malo. Tinayenda maola awiri makosi ali m'mwamba. Alinafe ndiye anayamba kumuona, n'kundikoka chitenje akunong'ona m'Chingerezi chake chija kuti agogo musapume. Kanali kamodzi kokha, kofiira ngati dothi la katondo, timakutu tosongoka, kakudya kanthu ndi manja awiri ngati mwana waulemu. Ndinalemba: gologolo wofiira, mmodzi. Agulugufe, asanu ndi awiri. Agalu a azungu, 33.

Tsopano ndikuuzeni chinthu chimene sindinauze Shirley kapena abusa, ndipo mukachiwerenga musachifalitse pa gulu lanu lija.

Zaka 36 ndikuphunzitsa zinandiphunzitsa kuzindikira ntchito imene mwana walemberedwa ndi wina. Yona sanavomerepo chiwerengero changa chilichonse. Ndikanati akabawi awiri, iye akanati, "Mwatsimikiza kuti si mmodzi amene munamuona kawiri? Mchira wake unali wotani? Mbalame si ana a sukulu, achemwali, sizikhala pa mzere." Mayankho amene ndinkalandira anali aulemu kwambiri, ndipo munalibe funso ngakhale limodzi. Ndiye tsiku limenelo, titakhala pa mchenga, Shirley atapita kukagulira mwana ayisikilimu, ndinachita zimene ndinkachita m'kalasi. Ndinatchera funso. Ndinalemba kuti, "Achimwene, lero ndaona mvuu ziwiri m'nyanja yakuno."

Yankho lanu linabwera patapita mphindi khumi ndi zinayi: "Zodabwitsa! Mulungu ndi wamkulu."

Yona akanandiimbira nthawi yomweyo, ngakhale pakhosi patatsekeka, kuti andiseke mpaka kutsamwa. Ndinayang'ana foniyo nthawi yaitali. Nambala yanu inali pomwepo, ya amake Terence inali pomwepo, mwana wanga anali kubwera apo ndi ayisikilimu atatu m'manja. Ndikanafunsa. Sindinafunse. Ndinaika foni m'chikwama, ndinalandira ayisikilimu, ndinadya yense. Ndinadziuza kuti mwina wagonekedwa m'chipatala ndipo foni wasungitsa. Ndinadziuzanso kuti ngati palibe wandiuza kanthu, ndiye kuti palibe kanthu. Ndipo panali chinanso, chimene ndikuchita nacho manyazi kuposa zonse. A Sydney anali atanena kuti pakatha masabata awiri gulu la kutchalitchi likupita ku maphompho a kunyanja ya kum'mawa, kumene mbalame zimasonkhana zikwizikwi, ndipo ine ndinkafuna kukafikako. Zaka zanga zonse ndakhala woyamba kufika pa zovuta za banja lino, wogula nsalu, wowerenga mbale, wolemba mayina a opepesa. Kamodzi kokha ndinafuna kuti zovuta zindidikire. Masiku khumi ndi anayi amenewo ndi anga, sindikukusenzetsani. Koma khumi ndi limodzi oyambawo ndi anu, ndipo mukanapanda kuyamba inu, ine sindikanapeza pobisala.

Pa 6 Julaye tinanyamuka ndi maminibasi awiri, anthu 27, a ku Bolton kuno, ena a ku Liverpool, ndipo ena tinawatengera ku Wakefield. Tinaimba njira yonse, maola atatu. Ndinaona kuti aliyense akundipatsa ulemu woposa muyeso: mpando wakutsogolo, nthochi, mandasi, "Amayi mwakhala bwino?" kasanu ndi katatu. Shirley anali atawachenjeza onse mmodzimmodzi. Anaiwala munthu mmodzi, chifukwa sanali pa mndandanda: mtsikana wina dzina lake Asimenye, wosamala okalamba ku Wakefield, amene analowa minibasi yachiwiri atangoweruka, mnzake atamuitana kuti mpando ulipo.

Malowo ndi Bempton. Umayamba kumva fungo usanaone kanthu, fungo ngati la khola la nkhuku chikwi losasesa, kenako phokoso, kenako dziko limangothera pamapazi pako. Maphompho oyera otsika molunjika mpaka m'nyanja, ndipo pa kashelefu kalikonse ka mwala pali mbalame, ina pambali pa inzake, zina zikuuluka pansi pako moti umaziona kumsana. Zazikulu zoyera za mitu yachikasu amazitcha ganeti. Ndinayesa kuwerenga za pa mwala umodzi, ndinafika 300, zinauluka, zina zinatera, ndinayambiranso, ndinalephera. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga ndinalemba m'kope kuti "zosawerengeka". Mayi wina wachizungu wothandiza alendo anandibwereka magalasi ake oonera patali, nati tidikire pang'ono tione kambalame kotchedwa pafini, kamene aliyense amadzera.

Ndili chiimire pa thandala la matabwa limene anamanga m'mphepete mwa phompholo, ndinamva munthu kumbuyo kwanga akufunsa kuti, "Amayi awo ndi ndani?" Wina anayankha kuti ndi amayi ake a Shirley, kwawo ku Ntcheu, koma mlongo wawo anali wa gemu ku Kasungu. Nditatembenuka ndinaona mtsikana akutulutsa chitenje m'chikwama n'kuchimanga pamwamba pa jinzi. Anabwera, anagwada pa matabwa onyowa aja pakati pa azungu ndi makamera awo, anagwira dzanja langa ndi manja ake awiri.

"Amayi, ndine Asimenye, mwana wa a Mwakasungula, tinkapemphera limodzi ndi bambo Yona ku Kasungu. Pepani ndi zovuta zija. Ndinayenera kubwera kunyumba kalekale, koma mashifiti. Mundikhululukire kuti ndikupepesera panjira."

Gertrude, mwana ameneyu analeredwa. Mwa anthu onse amene ankadziwa, kuno ndi kwanuko, iye yekha ndiye anachita zimene makolo athu anatiphunzitsa, ndipo anachita chifukwa palibe anamuuza kuti asachite. Azimayi atatu amene anali pafupi anauma ngati zitsa. Mmodzi anayamba kumukodola, wina anathamanga kukaitana Shirley kumene ankagula tiyi.

Pakamwa panga panayankha pokha, monga pamayankhira pa maliro alionse. "Zikomo mwanangu, zimachitika." Kenako ndinati, "Dzuka, ukunyowa. Tandiuza, anthu analipo?"

"Anthu analipo, amayi! Amayi anga akuti magalimoto anafika mpaka kumsewu. Anzawo a gemu ndi amene ananyamula bokosi, atavala yunifomu. Akuti chibayo chija sichinachedwe, masiku awiri okha."

"Linali liti, paja? Masiku andisokonekera."

"Anatisiya pa 11, Lachiwiri. Kuika kunali Lachinayi."

Sindinafunikire kutsegula kope kuti ndidziwe kumene ndinali Lachinayi limenelo.

Shirley anafika akuthamanga, tiyi akutayikira pa zala zake. Anayang'ana ine, anayang'ana Asimenye ndi chitenje chake, n'kunena kuti, "Iwe, wachita chiyani?" Mtsikana uja anazindikira, anagwira pakamwa, anayamba kulira. Ine ndinati, "Musiye. Wandipepesa. Iwe unali ndi masiku makumi awiri ndi asanu."

Nthawi yomweyo mayi wachizungu uja, amene sankamva chilichonse cha zimene tinkalankhula, anandigwira paphewa mokondwa akuloza pansi pa phompho. Ndinakweza magalasi aja. Musandifunse chifukwa chake. Tinali timbalame tating'ono takuda kumsana, toyera pamimba, milomo yofiira ndi yachikasu ngati yopaka utoto, miyendo ngati yovala masokosi a olenji, titaima pakhomo pa una wawo ngati madikoni. Tinali tinayi. Ndinabweza magalasi, ndinathokoza, ndinalemba nambalayo. Kenako ndinakhala pa benchi chifukwa ndinazindikira kuti palibenso woitsutsa.

Pobwerera m'minibasi simunaimbidwe nyimbo. Titafika kunyumba dzuwa likadalipo, monga limachitira kuno nyengo ino, Shirley anagwada pa kapeti.

"Mami, adokotala ananena kuti musadzidzimuke. Ine ndimaona anthu a sitiroko tsiku lililonse. Tinagwirizana ndi anti Gertrude kuti tidikire kaye mupimidwenso."

"Kupimidwa kunali liti?"

"Pa 27 Juni."

"Ndipo anapeza chiyani?"

"Anati zili bwino."

"Lero ndi pa 6 Julaye. Masiku asanu ndi anayi enawo munkadikira dokotala uti?"

A Sydney, ali chiimire pakhomo la khitchini, anati, "Amayi, zinangotikulira. Tsiku lililonse tinkati mawa."

Ndinati kwa Shirley, "Bwera ndi makina ako undiyeze." Anandimanga lamba pamkono. Inali 138 pa 84. Ndinamuuza kuti aijambule akutumizireni.

Pali funso limodzi limene ndinamufunsa, ndipo ndikufunsani inunso. Ndikanauzidwa pa 11, ndikanakwera ndege pa 12. Mwina sindikanapeza maliro, koma ndikanapeza anthu akadali pa mphasa, ndikanagona m'nyumba ya siwa ndi alamu anga. Sukulu ya Alinafe inali itatsala ndi masabata asanu ndi limodzi kuti atsekere, ndipo womuperekeza ndi kukamutenga ndinali ine. Ndinafunsa Shirley ngati zimenezi zinalowa nawo m'masamu awo. Analira kwambiri n'kunena kuti, "Mami, mungandiganizire choncho?" Kulira ndinakuona, koma "ayi" sindinamumve. Ndi mwana wanga, ndimadya naye, ndimamuchapira mayunifomu, ndipo nkhani imeneyi tidzaimaliza patokha. Ndangofuna mudziwe kuti ndinawerengera mbali zonse.

Mwanena mu uthenga wanu wachiwiri kuti ndi mwambo wathu, munthu wodwala sauzidwa maliro mwadzidzidzi. Mwambowo ndikuudziwa kuposa inu. Bambo athu atamwalira ku chipatala mu 1998, ndine ndinaletsa anthu kuuza amayi tsiku lomwelo. Koma m'mawa mwake tinapita, ine ndi inu ndi Yona, tinawakhazika pa mkeka, inu kumanja ine kumanzere, azakhali ali kumbuyo kuwagwira mapewa. Tinayamba ndi kuti matenda akula, tinadikira apume, kenako Yona ananena mawuwo. Amayi anakomoka, tinawathira madzi, anadzuka, analira mwamuna wawo, anamuperekeza kumanda. Mwambo umachedwetsa uthenga kuti upeze anthu okugwira. Sunanenepo kuti munthu azitengedwa kukaona agologolo.

Yona ndinamubereka kumsana ine, amayi ali kumunda. Ndinamuphunzitsa kuwerenga ndi njere za chimanga. Pa ukwati wake ndinaima ngati mayi. Pa maliro ake, pamene anafunsa kuti alongo ake a malemu ali kuti, munayankha chiyani? Ndani anakhala pa malo anga kumutu kwa bokosi? Anamuveka chiyani? Ananenapo chilichonse masiku awiri aja, anandifunsa? Mafunso amenewa ndi anayi, ndipo ndikufuna mayankho anayi, osati mavesi.

Tsopano yankho lanu. Lero sindinakukhululukireni. Ndikanalemba kuti ndakhululuka, bwenzi ndikuchita zomwe munachita inu, kutumiza mawu okoma kuti tsiku lidutse. Koma sindikunena kuti sizidzatheka, ndipo ndikuuzani chimene chikufunika.

Kuyambira pa 6 Julaye sindinalire. Ndayesa. Ndimakhala pa bedi m'mawa Alinafe asanadzuke, ndimati tsopano, koma m'maso muli gwa. Ndaganizira chifukwa chake ndipo ndachipeza. Asimenye anati "zovuta zija". Shirley amati "zimene zinachitikazi". Abusa anati "kutaya kwanu". Inu, m'mauthenga atatu, mphindi zonse zija, mwati "nkhani ija". Mpaka lero palibe munthu wa magazi anga amene wandiyang'ana n'kutchula dzina lake ndi chimene chinamuchitikira. Ine sindinauzidwe maliro, ndinangowatola panjira.

Tikiti yanga ndi ya pa 28 Ogasiti, ndifika pa 29 masana. Ku bwalo la ndege kubwere Terence yekha ndi galimoto, popanda maluwa, popanda gulu. Anditengere ku Kasungu, kunyumba kwa mlongo wanga, osati kwanu. Inu mukakhale mutafika kale. Foni yake mukhale mutabweza kwa mkazi wake, ndipo musafufute kalikonse m'menemo. Muyale mkeka, amake Terence akhale mbali imodzi ngati angalole, inu mbali inayo. Mundigwire dzanja, mundiuze ndi pakamwa panu, ngati kuti zachitika m'mawa womwewo, ngati kuti sindinamvepo kanthu. Musafupikitse ndipo musakometse. Ndikagwa mundithire madzi. Ndikadzuka mundiperekeze kumanda wapansi, ndikamuone pamene munamuika. Zikadzatha zimenezo mudzandifunsenso funso lanu lija, kamodzi kokha, ndipo ndidzakuyankhani pomwepo.

Mundiperekere moni kwa alamu anga amake Terence, muwauze kuti kalata yawo ndikulemba payokha, chifukwa zimene ndiyenera kunena kwa iwo sizidutsira mwa munthu wina. Moni kwa Terence ndi azibale ake, amene atsala opanda bambo. Moni kwa Tiya, mumuuze kuti sindimusungira kanthu, anachita zimene akuluakulu anamutuma. Moni kwa azakhali aang'ono ku Ntcheu, ngati iwo munawauza. Moni kwa onse 31, aliyense payekha, muwawerengere mayina kuti pasapezeke wodandaula kuti anasiyidwa kunja. Shirley ndi a Sydney akupereka moni. Alinafe akuti ndikuuzeni inu agogo ake aang'ono kuti akudziwa tsopano kunena "ndili bwino, kaya inu".

Moni wanu, Gertrude, ndausunga. Ndidzakupatsani pa mkeka paja, mukadzatha kulankhula.

Ndine mkulu wanu, amene akudikirabe uthenga,

Agness